Kujambula Jupiter ndi Anzake pa Kompyuta: Mafunso ndi Mayankho

Mwa zinthu zakuthambo zimene anthu amajambula pa kompyuta, mapulaneti akuluakulu a mpweya ndi amene amakopa kwambiri ongoyamba kumene. Alibe mapiri, alibe zigwa, alibe nyanja zoti munthu avutike kulongosola magombe ake, ndiye amaoneka ngati ntchito ya ola limodzi, mpira wokhala ndi mizere basi. Mpirawo umathekadi mu ola limodzi, koma mwiniwake akauyang'anitsitsa amaona kuti pali chimene chasowa, ngakhale sangathe kuchitchula. Mafunso ali m'munsiwa amabwera munthu akafika pamenepo.

Kodi pulaneti la mpweya n'chiyani, nanga wojambula amakhala akujambula chiyani kwenikweni?

Mapulaneti akuluakulu ozungulira dzuwa lathu alipo anayi. Jupiter ndi Saturn ndi amene dzinali limawayenera mokwanira, chifukwa mbali yaikulu ya thupi lawo ndi haidirojeni ndi hiliyamu. Uranus ndi Neptune akatswiri amawaika m'gulu lawolawo poti m'kati mwawo muli madzi, amoniya ndi methane wambiri, koma kwa wojambula onse anayi ndi banja limodzi, chifukwa palibe limene lili ndi nthaka yoti chombo n'kuterapo. Chimene diso limaona ndi denga la mitambo, ndipo chimene inu mukujambula ndi nyengo: mphepo, mitambo, ndi kuwala kwa dzuwa kukugwera pamitambopo. Jupiter ndi wa makilomita pafupifupi 143,000 m'mimba mwake, kuposa dziko lathu ka 11, komabe amazungulira kamodzi m'maola osakwana 10. Liwiro limenelo ndi limene limakoka mitambo n'kuiyala m'mizere yopingasa. Munthu akagwira mfundo imeneyi amasiya yekha kuika maenje, ming'alu ndi miyala pa pulaneti lake, zinthu zimene zimapezeka kawirikawiri m'zithunzi za ophunzira chifukwa anatengera njira yojambulira Mars kapena mwezi.

Kodi popanda Photoshop ntchitoyi singatheke?

Imatheka bwinobwino. Photoshop ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo kwa munthu amene ndalama zakunja zimamuvuta kupeza, palibe chifukwa chodzisenzetsera mtolo umenewo pa ntchito ngati iyi. GIMP ndi yaulere ndipo ili ndi chida chokulungira chithunzi pa mpira chimene chimaposa Spherize ya mu Photoshop. Krita nayo ndi yaulere, imakomera amene amakonda kupenta ndi dzanja, pomwe Photopea imatseguka pa intaneti pomwepo popanda kuiika m'kompyuta. Pulogalamu iliyonse ikwanira bola ikhale ndi ma layer, ma mask, filter ya Blur, ndi chida chokankhira ma pixel uku ndi uku. Laputopu yakale imapirira ngati simukulitsa chithunzi mopitirira muyeso, ndipo mouse wamba amagwira ntchito. Chizolowezi chofunika kuposa makina ndi kusunga fayilo pafupipafupi, mu XCF kapena PSD kuti ma layer asaphatikizike, chifukwa magetsi sachenjeza akamazima.

Ndiyambe ndi mpira kapena ndi mitambo?

Yambani ndi mitambo, pa chithunzi chathyathyathya, mpira ubwere pambuyo. Tsegulani chithunzi chimene m'litali mwake ndi kawiri msinkhu wake, mwachitsanzo ma pixel 4000 kwa 2000. Muyeso umenewu ndi wa mapu a pulaneti lonse: kulizungulira ndi madigiri 360, pomwe kuchoka kunsonga yakumpoto kufika yakumwera ndi madigiri 180. Njira yachidule yopezera mizere ndi kupaka mitundu pa kachingwe kopyapyala, ka ma pixel ochepa m'lifupi koma kotsika kuchoka pamwamba mpaka pansi, kenako n'kukatambasula ndi Scale mpaka kadzaze chithunzi chonse. Kadontho kalikonse kamene munapaka kamasanduka mzere wautali.

Apa m'pamene ambiri amayamba kusochera, chifukwa amapanga mizere yofanana kukula, yotalikirana mofanana, yakumpoto yofanana ndendende ndi yakumwera. Yang'anani chithunzi chilichonse cha Jupiter. Pa ikweta pali mzere waukulu wowala, mbali zake ziwiri kuli malamba awiri okhuthala ofiirira, ndipo mukamayandikira kunsonga mizere imachepa, imazilala, mpaka imasweka n'kusanduka mawangamawanga. Chombo cha Juno, chimene chinafika kwa Jupiter mu 2016, chinapeza kuti kunsongako kulibe mizere n'komwe: kumpoto kunali anamondwe 8 atazinga mnzawo mmodzi, kumwera 5 atazinganso mmodzi. Malambawo sakhalanso chimodzimodzi chaka ndi chaka. Mu 2010 lamba wamkulu wakumwera kwa ikweta anazimirira, atakwiririka ndi mitambo yoyera, n'kudzabwereranso chaka chotsatira. Choncho musaope kusiya mbali ina yolemera ndi ina yopepuka.

Mizere ikakhazikika, ikani layer ina pamwamba, muidzaze ndi Solid Noise mu GIMP kapena Clouds mu Photoshop, muikoke chopingasa ndi Motion Blur, ndipo muiike pa Overlay kapena Soft Light. Imeneyi imapatsa mizere timikwingwirima tosayembekezeka. Pomaliza gwiritsani ntchito Offset kusuntha chithunzi ndi theka la m'litali mwake. Msoko wa pamene mbali yakumanja imakumana ndi yakumanzere udzafika pakati, ndipo mudzaufafaniza ndi Clone kapena Heal.

Mizere yanga ikuoneka yowuma ngati yolemba ndi rula. Ndingaipatse bwanji moyo?

Moyo wa pulaneti la mpweya uli m'malire a mizere. Mizere yowala ya Jupiter ndi mitambo yam'mwamba, yozizira, ya amoniya woundana, pomwe malamba akuda ndi malo amene mitambo yam'mwambayo ndi yopyapyala ndipo tikuona zakuya. M'malire mwa ziwirizi mumadutsa mphepo zamphamvu, ina yolowera kum'mawa, yotsatira yolowera kumadzulo, mosinthanasinthana, zina zothamanga makilomita oposa 400 pa ola. Pamene mpweya wothamanga ukukhudzana ndi wina woyenda mosiyana, malirewo amapindika n'kukulungika. Amene anaimapo pamathiriro nthawi ya dzinja, pamene kamtsinje ka matope ofiira kakulowa mumtsinje waukulu wa madzi oyera, anaona zimenezi ndi maso: malire a madzi awiriwo amapota timizere tokhotakhota, ndipo tonse timapendekera mbali imodzi.

Chida cha ntchito imeneyi ndi Warp Transform mu GIMP kapena Liquify mu Photoshop. Yambani ndi burashi yaikulu, mukankhe malirewo pang'onopang'ono kuti akhale ndi mafunde aatali. Chepetsani burashiyo ndi theka, muikepo timakavuluvulu ndi Swirl kapena Twirl. Ichepetseninso, mukoke tinsonga topyapyala kuchoka mulamba wakuda kulowa mumzere wowala. Malamulo ake ndi awiri. Loyamba, pa malire amodzi zopindika zonse zipendekere mbali imodzi, ndipo mukafika pa malire otsatira muzitembenuze. Lachiwiri, siyani malo ena abata. Wophunzira akangodziwa kukoma kwa Swirl amavundula paliponse, ndipo chimene chimatuluka ndi utoto wosakanizika, mizere itasoweratu. Ine ndimakonda kuti pafupifupi theka la mapu likhale losakhudzidwa, kuti diso lipeze popumira lisanafike pa chisokonezo china.

Nanga namondwe wamkulu, ngati banga lofiira la Jupiter, amaikidwa bwanji?

Banga lofiira lija lili pa madigiri pafupifupi 22 kumwera kwa ikweta, ndipo anthu akhala akuliyang'anira mosalekeza kuyambira m'ma 1870. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 linali la makilomita pafupifupi 40,000 m'litali, koma pofika 2017 linali litachepa kufika pa 16,000 ndi kanthu, lomwe linali lalikulube kuposa dziko lathu. Zinthu zitatu za banga limeneli n'zothandiza wojambula. Ndi lotambalala kum'mawa ndi kumadzulo, osati lozungulira ngati ndalama yachitsulo. Lakhala m'kati mwa mizere, ndipo lamba woyandikana nalo amapindika kulilambalala, n'kusiya kampanda kowala kolizungulira. Mbali imodzi, chakumadzulo kwake, kuli mitambo yovunduka kwambiri, pomwe mbali inayo kuli bata. Banga lojambulidwa pa layer yakeyake n'kungolimata pamwamba, mizere ikudutsa pansi pake mosasokonezeka, limadziwika msanga kuti ndi chigamba.

Mbali imene namondwe akuzungulira nayonso ili ndi lamulo lake. Amene anaona zithunzi za namondwe Freddy mu 2023 angakumbuke kuti ankazungulira motsatira mivi ya wotchi, monga amachitira anamondwe onse otere kumwera kwa ikweta. Banga la Jupiter lili kumweranso koma limazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi, chifukwa pakati pake mpweya ndi wopanikizika kwambiri kuposa m'mbali, pomwe pakati pa Freddy unali wochepa mphamvu. Kumpoto zonsezi zimatembenuka. Pa ikweta penipeni musaikepo namondwe wozungulira, chifukwa mphamvu imene imapotoza mphepo imatheratu pamenepo.

Mapu atha. Ndiwakulunge bwanji kuti akhale mpira?

Mu GIMP pitani ku Filters, kenako Map, kenako Map Object, musankhe Sphere ndi Transparent background. Musanatero finyani mapuwo kuti akhale ofanana mbali zonse zinayi, chifukwa filter imeneyi imatsatira muyeso wa chithunzi ndipo pa chithunzi chachitali imatulutsa dzira. Pa Light sankhani No light, kuwala mudzakuika nokha. Pa Orientation ndi pamene mumapendeketsa pulaneti kuti nsonga imodzi iweramire kwa woonera.

Mu Photoshop ambiri amagwiritsa ntchito Spherize. Filter imeneyi imangotukumula pakati pa chithunzi, moti mizere yam'mwamba imapindikira m'mwamba, yam'munsi imapindikira m'munsi. Ndi mmene pulaneti limaonekera kwa munthu amene wayandikira ali molunjika ikweta, ndipo palibe cholakwika ngati ndi zimene mukufuna. Vuto limadza mukafuna kuonetsa nsonga kapena mphete zotseguka, chifukwa pulaneti lopendekeka mizere yake yonse imapindikira mbali imodzi.

Mukamaliza, finyani mpirawo pang'ono kuchoka pamwamba ndi pansi. Chifukwa cha liwiro lozungulira, Jupiter ndi wamfupi ndi pafupifupi 6 pa 100 kuchoka nsonga kufika nsonga poyerekeza ndi pa ikweta, ndipo Saturn ndi pafupifupi 10 pa 100. Woonera sangadziwe chimene mwachita, koma mpira wobulungira ndendende umaoneka waung'ono ndi wolimba, pomwe wofinyika pang'ono umaoneka wolemera.

Kodi si zoona kuti Jupiter ndi wofiira kwambiri ndipo Neptune ndi wabuluu wakuda?

Zithunzi zambiri zimene timaona zinawonjezeredwa mitundu dala kuti mitambo ioneke bwino. Jupiter weniweni ndi wotumbuluka: woyera ngati mkaka, wachikasu pang'ono, wabulauni wozilala, ndipo ngakhale banga lofiira nthawi zina limangokhala laorenji wofooka. Saturn ndi wotumbuluka koposa, chifukwa nkhungu yam'mwamba imaphimba mizere yake. Za Neptune ndiye zinasocheretsa anthu kwa zaka zoposa 30. Zithunzi za Voyager 2 za mu 1989 zinakolezedwa mtundu wa buluu kuti mabanga ndi mitambo zioneke, ndipo m'kupita kwa nthawi anthu anaiwala kuti zinali zokolezedwa. Mu 2024 gulu lotsogoleredwa ndi Patrick Irwin wa ku University of Oxford linasonyeza kuti Neptune ndi wabuluu wotuwa wobiriwirako, wosasiyana kwenikweni ndi Uranus. Mtundu wa onse awiriwa umachokera ku methane, amene amameza kuwala kofiira.

Izi sizikukuletsani kukoleza mitundu, poti ngakhale akatswiri amatero. Koma chithunzi chimakhala champhamvu mukasankha mitundu itatu kapena inayi yoyandikana, n'kusungira mtundu wowala kwambiri malo amodzi okha, monga namondwe. Pentani mitambo yonse mu zoyera ndi zakuda poyamba, mitundu muiike pambuyo ndi Gradient Map. Mukatero mukhoza kuyesa mitundu yosiyanasiyana pa mitambo yomweyo popanda kuyambiranso.

Zonse ndachita, koma pulaneti langa likuoneka ngati mpira wapulasitiki. Chalakwika n'chiyani?

Pafupifupi nthawi zonse chalakwika ndi kuwala, ndipo funso ili ndi limene limasiyanitsa chithunzi chokhutiritsa ndi chongoyeserera. Mitambo yosalongosoka imakhululukika ikaunikiridwa bwino, pomwe mitambo yokongola younikiridwa molakwika imaoneka yabodza. Kuthambo nyale ndi imodzi, dzuwa, ndipo kulibe makoma kapena mitambo ina yobweza kuwala. Musanapitirire, jambulani kamuvi pa layer yapadera kosonyeza kumene dzuwa lili, ndipo chilichonse m'chithunzimo chimvere kamuvi kameneko.

Cholakwika choyamba ndi kadontho konyezimira, kamene mapulogalamu ambiri amaika okha pa mpira. Mitambo sinyezimira ngati galasi, choncho kachotseni. Chachiwiri ndi mthunzi wopangidwa ndi bwalo lakuda losunthidwira pambali. Bwalo lotero limapereka maonekedwe a kadamsana, pamene chinthu china chatchinga kutsogolo. Malire enieni a usana ndi usiku amakhudza m'mphepete mwa pulaneti pa malo awiri oyang'anizana ndendende, ndipo mzere wolumikiza malo awiriwo umadutsa pakati penipeni pa mpira. Njira yosavuta yopezera malire olondola ndi kubwerera ku Map Object ndi layer yoyera yokhayokha, kusankha Directional light, kutsitsa Specular mpaka 0, n'kuika mpira woyera umene watulukawo pamwamba pa pulaneti lanu pa Multiply. Malirewo akhale ofewa, chifukwa kuwala kumalowerera mumpweya kusanazimirire.

Chachitatu ndi m'mphepete. Ojambula ambiri amazunguliza pulaneti ndi kuwala kwabuluu kokhuthala, kotengera zithunzi za dziko lathu, mpaka kumbali ya usiku komwe. Jupiter amachita zosiyana: pakati pake ndi powala, ndipo amadera pang'onopang'ono mukamayandikira m'mphepete, ngakhale kumbali ya dzuwa. Burashi yofewa yakuda, yopepuka kwambiri, yoyendetsedwa m'mphepete monse imapereka kuzama kumene kuwala kwabuluu kuja sikungapereke. Ngati mukufuna kankhungu kowala, kakhale kopyapyala, ka ma pixel ochepa, ndipo kathere pamene usana wathera.

Pali chinthu chinanso chosangalatsa. Tili padziko pano sitingaone Jupiter kapena Saturn ali kachigawo kopyapyala ngati mwezi wongokhala kumene, chifukwa ife tili kufupi ndi dzuwa kuposa iwo ndipo nthawi zonse timaona mbali yawo yowala. Maonekedwe amenewo amatheka kwa chombo chokha chimene chafika kuseri kwawo. Ndiye mukajambula pulaneti lotero, woonera amamva kuti ali kutali ndi kwawo ngakhale simunajambule chombo chilichonse.

Mphete zimapangidwa bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani zanga zikuoneka zongomata?

Kuzipanga n'kosavuta. Pa chithunzi chofanana mbali zonse jambulani mizere yopingasa yopyapyala, ina yowala, ina yotuwa, ina yoonekera, musiye mbali yam'mwamba yopanda kanthu, kenako mugwiritse ntchito Polar Coordinates. Mizere ija imasanduka mabwalo okhala wina m'kati mwa mnzake. Afinyeni kuchoka pamwamba ndi pansi, muwaike pa pulaneti, ndipo mubise ndi mask mbali imene yadutsa kuseri.

Kuti zikhale zokhulupirika, tengani miyeso kwa Saturn. Mphete zake zowala zimayambira pa mtunda wa pafupifupi kamodzi ndi theka kuchoka pakati pa pulaneti, tikayesa ndi theka la m'mimba mwake, ndipo zimathera pa kawiri ndi kanthu. M'kati mwake muli mpata wakuda wa makilomita pafupifupi 4,800, umene Giovanni Cassini anauona mu 1675. M'lifupi ndi zazikulu chotero, koma kukhuthala kwake m'malo ambiri ndi mamita khumi kapena makumi ochepa chabe, moti zikatilunjika m'mphepete, monga zinachitira mu Marichi 2025, zimangotsala pang'ono kusowa. Musazipatse thupi ngati tayala. Saturn ndi wopendekeka madigiri pafupifupi 27, ndiye kuchokera kuno, ngakhale zitatseguka kwambiri, msinkhu wa bwalo lake sufika theka la m'litali mwake.

Zimaoneka zongomata pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mphete zimakhala molunjika ikweta, choncho kupindika kwa mbali yake yakutsogolo kuyenera kufanana ndi kupindika kwa mizere ya mitambo. Pulaneti la Spherize lokhala ndi mphete zotseguka limadzitsutsa lokha, chifukwa mizere ikunena kuti tili pa ikweta pomwe mphete zikunena kuti tili pamwamba. Chachiwiri ndi mithunzi iwiri imene ambiri amaiwala. Pulaneti limaponya mthunzi wake pa mphete kumbali yotalikira dzuwa, n'kuzidula ndi mdima wa malire akuthwa. Mphete nazo zimaponya mthunzi pa mitambo, wopindika, wokhala ndi timizere towala pamene dzuwa ladutsa m'mipata. Dzuwa likakhala kumpoto kwa mphete mthunziwo umagwera kumwera, likakhala kumwera umagwera kumpoto. Mukafuna kuonjezera ulemerero, walitsani pang'ono mbali ya usiku ndi kuwala kobwezedwa ndi mphete, monga zimaonekera m'zithunzi za chombo cha Cassini, chimene chinazungulira Saturn kuyambira 2004 mpaka 2017.

Si Saturn yekha amene ali ndi mphete. Za Uranus zinapezeka mu 1977 ndipo ndi zopyapyala ndi zakuda, za Jupiter zinaonedwa ndi Voyager 1 mu 1979 ndipo ndi fumbi losaoneka bwino. Uranus wagona chammbali, madigiri pafupifupi 98, motero mphete zoimirira si bodza.

Ndidzaze kumbuyo ndi nyenyezi?

Pang'ono chabe. M'zithunzi zenizeni za mapulaneti owala nyenyezi sizioneka kawirikawiri, chifukwa kamera imatseguka kanthawi kochepa kuti pulaneti lisawale mopyola. Ngati mwaziika, zikhale zazing'ono, zosiyana kuwala, zosayalidwa mofanana. Ndipo onetsetsani kuti palibe imene ikuonekera kudutsa mbali ya usiku ya pulaneti. Mbali imeneyo ndi yakuda koma ilipo, ndiye ikani bwalo lakuda lolimba pansi pa pulaneti lonse kuti litchinge.

Ndingasonyeze bwanji kuti chinthuchi n'chachikulu koopsa?

Ikani kanthu kakang'ono pambali pake. Io, umodzi mwa miyezi inayi imene Galileo anaona mu 1610, ndi wa makilomita pafupifupi 3,600 m'mimba mwake, wokulirapo pang'ono kuposa mwezi wathu. Pa Jupiter wa ma pixel 2000, Io angatenge ma pixel 50 okha. Ojambula ambiri amakulitsa miyezi mpaka kufika gawo limodzi mwa magawo anayi a pulaneti, ndipo potero amachepetsa pulanetilo. Kamwezi kakang'ono kokhala ndi kamthunzi kake kakuda bii pamitambo kamagwira ntchito yaikulu, bola kaunikiridwe kuchokera mbali yomweyo. Kudula pulaneti kuti lisakwane m'chithunzi kumathandizanso, chimodzimodzi kuchepetsa kukula kwa timakavuluvulu, poti tikakhala tating'ono ndi tambiri diso limaweruza kuti mpirawo ndi waukulu.

Ena amakonda kuimika woonera pa mwezi, pulaneti likutuluka kuseri kwa mapiri. Chithunzi chotchuka cha mtundu umenewu ndi cha Chesley Bonestell, cha Saturn akuonekera ku Titan, chimene chinatuluka m'magazini ya Life mu 1944. Anapenta thambo labuluu loyera, koma Voyager 1 itadutsa mu 1980 inapeza kuti Titan ndi wokutidwa ndi nkhungu yaorenji yokhuthala. Komanso miyezi ikuluikulu yambiri ya Saturn imayenda pafupifupi molunjika mphete, moti munthu ataima pa iyo angaone mphetezo ngati kamzere kowongoka.

Kodi ndikhoza kugwiritsa ntchito zithunzi za NASA m'ntchito yanga?

Kawirikawiri inde. Zithunzi zopangidwa ndi NASA yeniyeniyo nthawi zambiri sizikhala ndi chiletso cha umwini, bola mutchule kumene zachokera, musagwiritse ntchito chizindikiro chawo, ndiponso musapereke chithunzi choti bungwelo likuvomereza malonda anu. Chenjerani ndi zithunzi za JunoCam. Kamera imeneyi, ya pa chombo cha Juno, yatumiza zithunzi zosakonza zimene aliyense akhoza kutenga pa intaneti, ndipo zokongola zambiri zimene zimafala zinakonzedwa ndi anthu odzipereka monga Kevin Gill, Gerald Eichstädt ndi Seán Doran. Ntchito yokonzayo ndi yawo ndipo ili ndi malamulo ake, choncho werengani mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Kwa wophunzira, phindu lalikulu la zithunzizi ndi kuzitsegula pambali n'kumatengamo mitundu ndi Color Picker, kapena kuyang'anitsitsa mmene malire amodzi apindikira musanagwire Warp.

Ngati pulanetilo ndi longopeka, kodi pali malire a zimene ndingachite?

Malire ndi otakasuka kuposa mmene ambiri amaganizira. Chiyambire 1995, pamene Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza 51 Pegasi b, pulaneti lalikulu lozungulira nyenyezi yake m'masiku anayi okha, mapulaneti a nyenyezi zina opezeka achuluka mpaka kupitirira 5,000 pofika 2022. HD 189733 b, malinga ndi miyeso ya Hubble ya mu 2013, ndi wabuluu wakuya. TrES-2b amabweza kuwala kosakwana 1 pa 100, wakuda kuposa makala. Kutentha ndi kumene kumalamula mtundu: kozizira kwambiri kumakhala mitambo ya amoniya yotumbuluka, kofundirapo mitambo ya madzi yoyera mbee, kotentha koposa mitambo imatha ndipo pulaneti limaoneka labuluu, pomwe kufupi kwenikweni ndi nyenyezi limada, ndipo lotenthetsetsa limayaka lokha mofiirira kumbali ya usiku. Mtundu wa nyenyezi nawo uyenera kugwera pa chilichonse, moti pansi pa nyenyezi yofiira mtambo woyera sungaoneke woyera.

Ngakhale mapulaneti amene anajambulidwa mwachindunji, monga a nyenyezi ya HR 8799 mu 2008, amangooneka ngati timadontho. Chithunzi chilichonse cha pulaneti lakutali chosonyeza mitambo ndi mizere ndi ntchito ya wojambula, ndipo ena, monga Robert Hurt ndi Tim Pyle a ku Caltech, imeneyi yakhala ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba pansi pa chithunzi chanu kuti n'chojambula pamanja. Chikangoyamba kuyenda pa WhatsApp chopanda mawu amenewo, pakutha pa sabata wina adzakhala akuchitumiza ngati chochokera ku telesikopu.

Mthunzi wanga ukuoneka masitepemasitepe, ndipo ndikatumiza kapena kusindikiza chithunzi chimaipa. Nditani?

Masitepewo amabwera chifukwa chithunzi cha 8-bit chili ndi milingo 256 yokha pa mtundu uliwonse, ndipo mthunzi wautali wofewa umaimaliza msanga. Yambani ntchito mu 16-bit, zimene GIMP, Krita ndi Photoshop zonse zimalola. Musanatulutse chithunzi chomaliza, thiranipo Noise wochepa kwambiri, wongokwanira kuswa masitepewo osaoneka ndi maso. Tulutsani mu PNG. WhatsApp ndi Facebook zimafinya zithunzi ndipo malo akuda ndi amene amayamba kuonongeka, ndiye potumizira munthu pa WhatsApp tumizani ngati document. Posindikiza pa A3, pa 300 dpi, pamafunika ma pixel 3508 kwa 4961, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi musanapange mapu. Pepala siliwala ngati sikirini, choncho mbali zakuda zimatuluka zakuda koposa ndipo buluu wowala amazilala. Walitsani mithunzi pang'ono ndi Curves pa kope lapadera losindikizira, ndipo pemphani osindikiza akutulutsireni kachidutswa kakang'ono ka pamalire a usana ndi usiku musanalipire pepala lonse.